Mankhwala opaka a ziphuphu ndi mafuta a pankhope: zimene amachita ndi kapakidwe kake

Dandaulo limene ogwira ntchito m'mafamasi a mu Lusaka amamva kawirikawiri ndi lakuti, "Ndapaka mwezi wathunthu, koma pofika masana nkhope imakhala ikunyezimira ngati kale." Akafika pamenepa ena amataya chubu, ena amayamba kupaka katatu pa tsiku, ena amathamangira ku City Market kukagula kirimu amene mnzawo wawauza. Onsewa akuimba mankhwala mlandu umene si wawo. Benzoyl peroxide, adapalene, tretinoin, salicylic acid, clindamycin ndi azelaic acid, omwe ndiwo mankhwala opaka odziwika a ziphuphu, sachepetsa mafuta amene khungu limapanga. Amachiza ziphuphu kudzera njira zina. Munthu akhoza kuchira ziphuphu nkhope ikunyezimirabe, ndipo akhoza kuumitsa nkhope mpaka kusendeka ziphuphu zili pomwepo.

Kumene mafuta amachokera

Kaubweya kalikonse ka pakhungu, ngakhale kosaoneka ka pamphumi, kali ndi kabowo kake, ndipo pambali pa kabowoko, mkati ndithu mwa khungu, pali kathumba kopanga mafuta. Pamphumi, pamphuno ndi pachibwano timatumbati tinathithikana: pa kadera ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi pamapezeka 400 mpaka 900. Pachifuwa ndi kumsana tiliponso tambiri, pomwe m'zikhato ndi kuphazi kunsi mulibe. Maselo a m'kathumbako amadzaza mafuta, amaphulika, mafutawo n'kumakwera pang'onopang'ono m'kabowo mpaka kutulukira pamwamba.

Amene amalamula ntchitoyi ndi mahomoni a androgen, makamaka testosterone, ndipo amuna ndi akazi omwe ali nawo. N'chifukwa chake ziphuphu zimayamba munthu akamatha msinkhu, ndipo kwa akazi ambiri zimabuka kutatsala masiku ochepa kuti apite kumwezi. Kuchuluka kwa mafuta n'kwakumtundunso: makolo a nkhope ya mafuta nthawi zambiri amabereka ana otero.

Koma mafuta paokha sabala chiphuphu. Poyamba khomo la kabowo limatsekeka, pamene maselo akufa amene amayenera kuyoyoka amatirirana ndi mafuta. Chotsekacho chikakhala pansi pa khungu chimaoneka ngati kamutu koyera, chikakhala poyera mpweya umachidetsa n'kukhala kamutu kakuda. Kudako si litsiro ndipo sikuchoka ndi kukhula. Kuseri kwa chotsekacho tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense n'kumadya mafuta omwewo, timaswana kwambiri. Thupi likayamba kulimbana nato malowo amatupa, amapweteka, amachita mafinya. Kuchokera pamene kabowo kayamba kutsekeka kufikira chiphuphu chioneke pamapita milungu ingapo, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imafotokoza chifukwa chake mankhwala amaoneka ochedwa.

Kusamba kumachotsa mafuta okhawo amene afika pamwamba. M'timabowo mumatsala ena, ndipo pakapita maola atatu kapena anayi nkhope imakhala itabwerera mwakale. Mudzamvanso anthu akunena kuti ukaumitsa khungu timatumba timabwezera popanga mafuta ochuluka. Timatumba timamvera mahomoni, osati sopo. Chimene chimachitika n'chakuti khungu lopserera limakakala n'kumakoka, mafuta a masiku onse n'kudzakhala pamwamba pake, ndiye munthu amamva kuuma ndi mafuta nthawi imodzi n'kumayesa kuti awonjezeka. Kutentha ndiko kumasinthadi zinthu: m'Okutobala mafuta amasungunuka, amatuluka msanga, amasakanikirana ndi thukuta, mwakuti munthu wokwera minibasi kuchokera ku Matero amafika m'tauni nkhope ikunyezimira ngakhale anasamba bwinobwino.

Ntchito ya mankhwala aliwonse

Benzoyl peroxide amapezeka wa 2.5%, 5% ndi 10%, wina wopaka n'kusiya, wina wosambira. Akalowa m'kabowo amatulutsa okosijeni amene amapha tizilombo tija, ndipo ubwino wake waukulu ngwakuti tizilomboto sitimuzolowera ngakhale mum'gwiritse ntchito zaka. Pa nkhani ya mafuta iyeyu ndiye amapusitsa anthu kwambiri, chifukwa amaumitsa khungu la pamwamba. Masiku oyamba nkhope imatuwa, munthu n'kumati mafuta atha, chonsecho kathumba kali pansipo kakupanga muyezo wake wa masiku onse. Pankhope wa 10% sachiza kuposa wa 2.5%, amangowotcha kwambiri. Wamphamvuyo malo ake ndi kumsana ndi pachifuwa, kumene khungu ndi lokhuthala.

Adapalene wa 0.1% ndi tretinoin wa 0.025% kapena 0.05% ndi a banja la ma retinoid, mankhwala ogwira ntchito mofanana ndi vitamini A. Amakonza kayoyokedwe ka maselo a m'kabowo kuti asamatirirane, motero amamasula zotseka zimene zilipo ndi kuletsa zatsopano. Kabowo kakakhala kotseguka mafuta amangodutsa osaunjikana. Amathandizanso kuzimiriritsa mawanga akuda amene chiphuphu chimasiya, omwe pakhungu lathu lakudali nthawi zambiri amavutitsa kuposa chiphuphu chenichenicho. Ngati ndalama zikukwanira mankhwala amodzi okha, kwa anthu ambiri adapalene ndiye woyenera kugula. Chisokonezo chimabwera chifukwa isotretinoin wakumwa, wa banja lomweli, amafwetsadi timatumba ta mafuta. Opakawa alibe mphamvu imeneyo.

Salicylic acid wa 0.5% mpaka 2% amasungunuka m'mafuta, choncho amatha kulowa m'kabowo n'kumasula timitu takuda. Amachotsa kunyezimira kwa maola ochepa basi. Ngwabwino kwa amene ali ndi timitu tochepa, koma pa ziphuphu zotupa ndi wofooka.

Clindamycin wa 1% ndi erythromycin ndi maantibayotiki. Mafuta sawakhudza n'komwe. Akamapakidwa okha tizilombo timawazolowera, n'chifukwa chake amayenera kuyendera limodzi ndi benzoyl peroxide, ndipo asapitirire miyezi itatu. Azelaic acid, kirimu wa 20% kapena gel wa 15%, amapha tizilombo, amamasula timabowo pang'ono, ndipo amachepetsa mawanga akuda. Nayenso mafuta amawasiya mmene alili.

Opaka amene amakhudzako mafuta ndi awiri. Niacinamide, womwe ndi mtundu wa vitamini B3, amapezeka m'zodzola zambiri pa 2% mpaka 5%. Kafukufuku wa mu 2006 pa anthu a ku Japan ndi ku America anaonetsa kuti wa 2% amachepetsako mafuta pakapita milungu ingapo, koma kuchepako n'kwapang'ono, ndipo mabotolo olembedwa 10% amayabwitsa anthu ambiri popanda phindu lowonjezera looneka. Winayo ndi clascoterone wa 1%, amene amagulitsidwa pa dzina la Winlevi ndipo anavomerezedwa ku America mu 2020 kwa anthu a zaka 12 kupita m'tsogolo. Iyeyu amatsekereza androgen pakathumba penipenipo, ndipo amapakidwa kawiri pa tsiku. Ndi wokwera mtengo, ndipo si mankhwala oti mungawapeze pafamasi iliyonse.

Musanayambe

1. Tsimikizani kuti ndi ziphuphu zenizeni. Yang'anani pagalasi kunja kukuwala. Ziphuphu zenizeni zimakhala zosakanikirana: timitu takuda, toyera, zina zotupa, zina za mafinya. Tiziphuphu tofanana kukula, toyabwa, todzaza pamphumi, pachifuwa kapena kumsana m'nyengo ya thukuta kawirikawiri timayamba ndi fangasi, ndipo maantibayotiki amatikulitsa. Zotuluka m'khosi ndi m'chibwano mukameta ndevu ndi tsitsi lopindikira m'khungu, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kusiya kumeta mpala ndi lezala. Zoyabwa zofalikira m'mikono ndi m'miyendo ndi za kuchipatala. Kumbukiraninso mankhwala amene mukulandira: jakisoni wa Depo-Provera, zoika pamkono monga Jadelle ndi Implanon, prednisolone, ndi isoniazid wa TB akhoza kubutsa ziphuphu. Musawasiye panokha, kauzeni amene anakupatsani.

2. Werengani zimene mukudzola kale. Makirimu ambiri oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika ndi m'tuntemba ali ndi steroid, mankhwala amphamvu oziziritsa kutupa. Pachubu mudzaona clobetasol kapena betamethasone, ndipo ena salemba n'komwe. Sabata yoyamba amaziziritsa kutupa, nkhope n'kusalala, n'chifukwa chake amakondedwa. Pakapita milungu khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, kenako pamabuka tiziphuphu tambirimbiri tofanana. Palibe adapalene amene angapambane inu mukupitiriza kudzola zimenezi. Ngati mwadzola miyezi yambiri, mukasiya nkhope imatentha ndi kubuka kwa milungu ingapo, ndipo apa m'pamene ambiri amabwerera. Ndi bwino kusiya mothandizidwa ndi a chipatala. Mafuta a kutsitsi nawonso, makamaka olemera opaka pamutu poluka, amatsikira pamphumi ndi m'mbali mwa makutu n'kutseka timabowo. Siyani mpata wa chala chimodzi kuchokera pamene tsitsi layambira, ndipo pogona mangani duku loyera.

3. Amayi oyembekezera, ndi amene akufuna kutenga pakati, asapake adapalene kapena tretinoin. Kwa iwo azelaic acid ndi benzoyl peroxide ndiwo amene madokotala amalola, atakambirana nawo ku sikelo.

4. Jambulani nkhope ndi foni, kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri, mutaima pawindo lomwelo nthawi yomweyo ya m'mawa, ndipo werengani ziphuphu zotupa. Chithunzi chimenechi ndicho chidzakuuzeni ngati mankhwala akugwira. Amene akufuna kudzionera yekha za mafuta asambe, asapake kanthu, adikire maola atatu, kenako akanikize tishu wopyapyala pamphumi kwa masekondi 30 n'kumuyang'ana powala. Adzabwereze pakapita miyezi iwiri. Kawirikawiri banga la mafuta limakhala lofanana, pomwe ziphuphu zachepa.

Gulani kufamasi yokhala ndi chilolezo cha ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Zambia, ndipo onani tsiku lothera ntchito pachubu, osati pabokosi pokha.

Kasambidwe

Kawiri pa tsiku n'kokwanira, m'mawa ndi madzulo, kuwonjezapo mukatuluka thukuta lambiri ku mpira kapena ku ntchito ya fumbi. Madzi akhale ofunda pang'ono, osati otentha. Pakani ndi nsonga za zala kwa theka la mphindi, tsukuluzani bwino, ndipo pukutani mongogunditsa thawulo. Chinkhupule, mwala ndi nsalu yokakala zisafike pankhope, chifukwa zimaphulitsa timabowo totsekeka m'kati mwa khungu n'kusandutsa kamutu kosapweteka kukhala chiphuphu chotupa.

Madzi a m'zitsime ndi m'mabowolo ambiri a mu Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, n'chifukwa chake ketulo imachita zoyerayera pansi. Madzi otere akakumana ndi sopo wamtanda amasiya utoto wosaoneka pakhungu umene umaliumitsa ndi kuliyabwitsa. Sopo wochapira zovala ndi sopo wonunkhira mankhwala a chipatala ndi aukali kwa nkhope imene ikupakidwa retinoid. Sankhani chosambira cha nkhope chofatsa, chopanda timchenga tokhulira. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukamaliza kusamba nkhope ikamakoka poseka, chosambiracho n'chaukali.

Kuyamba adapalene

Uyu ndi wa usiku. Mukasamba dikirani mphindi 15 mpaka 20 kuti nkhope iume bwinobwino, chifukwa pakhungu lonyowa mankhwala amalowa msanga n'kuwotcha. Finyirani pachala muyezo wa njere imodzi ya nandolo. Umenewu ndi wa nkhope yonse. Ugaweni m'timadontho tisanu, pamphumi, patsaya lililonse, pamphuno ndi pachibwano, kenako falitsani mopyapyala mpaka osaoneka. Lambalalani zikope, m'mbali mwa mphuno momwe mumapindika, ndi m'mphepete mwa milomo, pakuti mankhwala amaunjikana m'menemo n'kung'amba khungu. Kadontho ka Vaseline pamalo atatuwa musanapake kamateteza.

Pakani dera lonse limene limatuluka ziphuphu, osati pachiphuphu pokha. Chimene mukuchiona lero chinayamba milungu yapitayo, ndipo adapalene akugwira ntchito pa zimene zisanaoneke. Opaka mongodonthezera pa chiphuphu chilichonse amatha chubu osaona kusintha.

Milungu iwiri yoyamba pakani kamodzi pa masiku atatu, monga Lolemba, Lachinayi ndi Lamlungu. Sabata yachitatu ndi yachinayi muzidumpha usiku umodzi. Kuyambira sabata yachisanu pakani usiku uliwonse ngati khungu likulola. Kutuwa pang'ono, kusendeka m'mbali mwa pakamwa ndi kumva kuwotcha kwa mphindi zochepa ndi zachizolowezi pa mwezi woyamba. Ena ziphuphu zimaoneka ngati zawonjezeka pa nthawi imeneyi, chifukwa zotseka zimene zinali pansi zikutuluka. Koma nkhope ikafika pomawawa ndi madzi okha, ikang'ambika kapena kutupa, imani masiku atatu mpaka asanu, muzingodzola losheni, kenako yambiraninso pa mlingo umene khungu linkalola. Pakhungu lakuda kupserera sikuoneka kufiira ngati pazithunzi za pa intaneti. Kumaoneka ngati kuderako kapena kutuwa, ndipo kukanyalanyazidwa kumasiya mawanga ake akeake amene amatenga miyezi kuti azimiririke. Apa m'pamene kuthamangira kuumitsa nkhope kumapwetekera anthu ambiri.

Kuwonjeza benzoyl peroxide

Ngati muli ndi ziphuphu zotupa ndi za mafinya, wonjezani uyu m'mawa, koma patapita milungu itatu kapena inayi chiyambireni adapalene. Kuyamba onse tsiku limodzi kumachititsa kuti khungu likakana musadziwe wolakwa. Muyeseni kaye pa kadera kakang'ono pansi pa chibwano kwa masiku atatu. Anthu ochepa thupi lawo limamukana ndithu: malowo amatupa, amayabwa kwambiri kapena kuchita matuza, ndipo oterowo asam'gwiritsenso ntchito.

Wosambira ndiye wofatsa. Pakani pankhope yonyowa, siyani mphindi ziwiri, tsukuluzani. Kumsana akhoza kukhala mphindi zisanu. Wopaka n'kusiya yambani ndi wa 2.5%, kapena 5% ngati ndi yekhayo alipo, mopyapyala, modumpha tsiku. Palinso machubu osakaniza kale adapalene wa 0.1% ndi benzoyl peroxide wa 2.5%, monga Epiduo, opaka kamodzi usiku. Amene akugwiritsa ntchito tretinoin asamupake nthawi imodzi ndi benzoyl peroxide, chifukwa amamuwononga mphamvu: wina m'mawa, wina usiku. Adapalene alibe vuto limeneli.

Benzoyl peroxide amasukulutsa nsalu. Kolala ya yunifomu ya sukulu, chitenje, thawulo la mtundu ndi nsalu ya pilo zimachita mawanga achikasu osachoka. Sambani m'manja mukapaka, dikirani aume musanavale, ndipo gwiritsani ntchito thawulo loyera. Satha kupirira kutenthanso. Mu 2024 zinadziwika kuti akasungidwa pamalo otentha kwambiri amawonongeka n'kumatulutsa benzene, yemwe ndi poizoni. Musam'siye m'galimoto, pawindo, kapena pamwamba pa kabati m'chipinda cha malata m'mwezi wa Okutobala. Musungeni pansi, pamthunzi, ndipo wotha nthawi mutaye.

Losheni ndi dzuwa

Ambiri a nkhope ya mafuta amakana kudzola, amati akuwonjeza moto. Komatu mafuta ndi chinyezi ndi zinthu ziwiri. Mankhwala onsewa amachotsa madzi pakhungu la pamwamba, ndipo khungu likang'ambika munthu amasiya mankhwala asanagwire. Dzolani losheni wopepuka, wopanda fungo lamphamvu, wolembedwa oil-free (wopanda mafuta) kapena non-comedogenic (wosatseka timabowo), m'mawa ndiponso usiku patapita mphindi zochepa mutapaka adapalene. Amene khungu lawo silichedwa kupsa akhoza kudzola losheni poyamba, adapalene pamwamba pake. Glycerine amene ambiri amasakaniza ndi losheni m'nyengo yozizira satseka timabowo, kungoti akachuluka amanyezimiritsa ndi kugwira fumbi. Madontho awiri ndi okwanira. Mafuta a kokonati ndi a koko asiyireni miyendo ndi mikono.

Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo dzuwa lake limawotcha ngakhale kukuzizira. Dzuwa limadetsa mawanga a ziphuphu, ndipo retinoid amachititsa khungu kupsa msanga. M'mawa uliwonse malizani ndi chodzola choteteza ku dzuwa cha SPF 30 kapena kuposa, muyezo wa mizere iwiri yotalika ngati chala. Cha mtundu wa gel sichilemera ndipo sichisiya kutuwa kwambiri. Ogulitsa malonda panja ku Soweto kapena ku Kamwala, amene sangamadzole mobwerezabwereza, chipewa cha khonde lalikulu chimawathandiza kwambiri.

Nyengo isinthenso kapakidwe. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti mphepo youma ndi fumbi zimang'amba khungu, ndiye bwererani ku kudumpha tsiku ndipo wonjezani losheni. Kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa nkhope imanyezimira kwambiri, ndipo chiyeso chimakhala chowonjeza mankhwala. Musawonjeze. Chepetsani losheni wa m'mawa, muyezo wa mankhwala ukhale womwewo.

Nanga kunyezimirako?

Kumeneko kumafuna njira zake, ndipo zonse n'zakanthawi. Masana kanikizani tishu kapena timapepala toyamwa mafuta pamphumi ndi pamphuno, osakhula. Niacinamide wa 4% kapena 5% m'mawa, pansi pa choteteza ku dzuwa, amathandizako ena. Paudala wopepuka amabisa kunyezimira, bola atsukidwe madzulo ndipo kasiponji kake kazichapidwa sabata iliyonse. Dothi lopaka kumaso logulitsidwa m'mashopu limayamwa mafuta a tsiku limenelo, ndipo kamodzi pa sabata n'kokwanira.

Sipiriti, madzi a mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zimaumitsadi, koma powotcha khungu. Mandimu ndiye oipitsitsa, chifukwa akakumana ndi dzuwa amasiya banga lakuda loposa limene mumafuna kuchotsa. Kufinya nako kumakankhira mafinya m'kati, ndipo pachibwano, pachifuwa ndi m'mapewa kukhoza kusiya zipsera zotupa zimene zimakula m'malo mophwa. Za zakudya, mafuta a vitumbuwa kapena a nsawa satulukira pankhope monga ambiri amanenera. Zimene kafukufuku amaloza kwa anthu ena ndi shuga wambiri, zakumwa zotsekemera, buledi woyera ndi mkaka wochuluka, chifukwa zimakweza homoni ya insulin imene imasonkhezera timatumba. Kuzichepetsa kungathandizeko, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala.

Kuweruza zotsatira

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi mpaka yachisanu ndi chitatu ziphuphu zatsopano zimayamba kuchepa. Chiweruzo chenicheni chili pa milungu 12. Jambulaninso pawindo lomwe lija n'kuyerekeza. Ngati zotupa zachepa ndi theka kapena kuposa, mankhwala akugwira, kaya nkhope ikunyezimira kapena ayi. Mawanga akuda amatsalira m'mbuyo, ena miyezi itatu, ena isanu ndi umodzi kapena kuposa. Mukachira musasiye adapalene. Popeza timatumba tikupangabe mafuta monga kale, timabowo timayambanso kutsekeka mukangoleka, ndipo ziphuphu zimabwerera pakapita milungu. Usiku utatu kapena unayi pa sabata umakwanira kwa ambiri. Maantibayotiki aja, clindamycin ndi erythromycin, ndiwo osiya ikakwana miyezi itatu.

Pamene zopaka sizikukwanira

Pitani kuchipatala osadikira milungu 12 ngati muli ndi zotupa zikuluzikulu zozama zopweteka, ngati zikusiya maenje kapena zipsera zotupa, kapena ngati zadzaza msana ndi chifuwa. Mayi amene ziphuphu zake zabwera pamodzi ndi kusamba kodumphadumpha, ndevu kapena kunenepa kwadzidzidzi ayezedwe mahomoni, chifukwa likhoza kukhala vuto la m'mazira lotchedwa PCOS. Yambirani ku kiliniki ya kwanu kapena kuzipatala monga za Chilenje, Matero, Chawama ndi Kanyama, kumene angakulembereni kalata yokaonana ndi madokotala a khungu ku chipatala chachikulu cha UTH. Tengani machubu onse amene mwakhala mukudzola, ndi a kumsika omwe, osachita manyazi, chifukwa dokotala akaona chimene chinali m'kirimu amadziwa poyambira.

Kumeneko ndi kumene kuli mankhwala ofika pakathumba penipeni. Doxycycline wakumwa, amene amaperekedwa kawirikawiri kwa miyezi itatu, amachepetsa kutupa ndi tizilombo koma mafuta sawakhudza, ndipo amamwedwa ndi kapu yodzaza madzi, osati nthawi yogona itayandikira. Kwa akazi, mapiritsi olera okhala ndi mahomoni awiri ndiponso spironolactone amafooketsa androgen, mafuta n'kuchepadi pakapita miyezi itatu kapena kuposa. Isotretinoin, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Roaccutane, amafwetsa timatumba mwakuti mafuta amatsika mpaka ndi 90% pa nthawi imene munthu akumwa, kawirikawiri miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Milomo imang'ambika, m'mphuno ndi m'maso mumauma, ndipo magazi amayenera kuyezedwa kuti aone chiwindi ndi mafuta a m'magazi. Choopsa chachikulu n'chakuti amapundula mwana m'mimba. Mkazi woti akhoza kutenga pakati amayezedwa asanayambe, amakhala pa njira yodalirika yolera nthawi yonse ya mankhwala mpaka mwezi umodzi atamaliza, ndipo womwa aliyense saloledwa kupereka magazi pa nthawi yomweyo. Si mapiritsi ogawana ndi m'bale kapena ogula kwa munthu wa pa Facebook. Amene wayamba isotretinoin amasiya adapalene ndi benzoyl peroxide pokhapokha dokotala atanena zina, ndipo samwa pamodzi ndi doxycycline.